Thanki ya nsomba za m'madzi amchere m'nyumba ya mwana wokwawa

Thanki yanga ndi ya malita 300, ndipo m'kabati ya pansi pake muli ina yaing'ono yomwe oweta nsomba timaitcha sump, momwe madzi amatsikira kukasefedwa pampu isanawakwezenso. M'thanki yaikuluyo muli nsomba zochepa za m'nyanja yamchere ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja tokhazikika pa miyala ngati zomera. Anzanga a ku tchalitchi amandiseka kuti mdzukulu wa anthu a ku Mangochi wasiya mbuna za kwawo n'kumaweta nsomba zofuna mchere wochita kuitanitsa ku Johannesburg, mumzinda wa Harare womwe nyanja yake yapafupi ili kutali ku Beira. Kusekako ndinazolowera. Koma mwana wathu atayamba kukwawa ndi kuima chogwirira, mayi ake ananena mawu osaseka: "Bambo ake, dziwe lanuli mulikonze, apo ayi lituluke m'nyumba muno."

Ndinayambira pa zinthu zomwe zingaphe mwana. Zoti mwana angaphe nsomba zinabwera pambuyo.

Choyamba chinali kulemera. Lita imodzi ya madzi amchere imaposa pang'ono kilogalamu imodzi, ndiye mukaphatikiza madzi a m'mathanki onse awiri, miyala, mchenga ndi galasi, katunduyo amayandikira theka la tani. Mwana sangakankhe zimenezo, koma kabati ya matabwa opanikiza ikamamwa madzi amchere chaka ndi chaka imafufuma n'kufooka m'makona momwe simuona. Ndinapita kwa owotcherera zitsulo ku Siyaso, ku Mbare, ndi miyeso yanga papepala, iwo n'kundipangira choikapo chachitsulo. Ndinachipaka penti yoteteza dzimbiri kangapo chifukwa mchere ndi chitsulo sizigwirizana, kenako ndinachimangirira kukhoma ndi mabawuti. Kusamutsa thanki kunafuna kupungulira madzi onse m'zigubu, ndipo tsiku limenelo mwana anakaswera kwa agogo ake ku Mufakose. Sofa, mpando ndi katebulo zomwe zinali pafupi ndinazisuntha, chifukwa chilichonse chokwereka chimasanduka makwerero.

Pa magetsi ndi pomwe ndinakhalitsa. Madzi amchere amayendetsa magetsi kwambiri kuposa madzi akumwa, ndipo thanki yotere imakhala ndi mapulagi ambirimbiri. Komanso mchere umayenda: timadontho tothovoka timauma n'kusiya kachipale koyera komwe kamakwawa pa waya mpaka kufika pa soketi. Masoketi onse ndinawachotsa pansi n'kuwakhomera pa thabwa m'chipinda chouma cha kabati, pamwamba, chosiyana ndi momwe muli sump. Waya aliyense ndinamusiya alendewere kaye m'munsi asanakwere kupita ku soketi, kuti dontho lotsetsereka pa wayayo ligwere pansi. Hita yagalasi ndinaisintha ndi ya titanium, yomwe siisweka.

Kenako ndinaitana wamagetsi kuti aike earth leakage ya 30 mA pa mzere wa thanki. Kachipangizo kameneka kamadula magetsi kakangoona kuti ena akuthawira kwina, kaya m'madzi kaya m'thupi la munthu. Apa pali kanthu komwe ambiri okhala ndi sola ndi inverter sakadziwa: ma inverter ena akamayendera batire, earth leakage siigwira ntchito ngati mawaya a neutral ndi earth sanalumikizidwe moyenera. Choncho ndinapempha wamagetsiyo ayese kawiri, magetsi a mumsewu alipo komanso atazimitsidwa. Musavomere kuti ayese kamodzi kokha, chifukwa kuno maola ambiri nyumba imakhala ikuyendera batire.

Kabati ndinaiika maloko a maginito, osaoneka kunja, otsegula ndi kakiyi komwe kamakhala pamwamba pa chitseko cha pabalaza. Maloko apulasitiki omata kunja aja mwana amawaphunzira msanga, amangoyang'ana zala zanu. Chifukwa chokhomera n'chakuti sump ndi madzi osavundikira omwe ali pa msinkhu wa nkhope ya mwana wokwawa. Mwana wamng'ono mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, akagwera chamutu satha kudzikweza, ndipo madzi a masentimita ochepa amakwanira kummiza popanda phokoso. Pa chifukwa chomwecho ndowa ndinazithetseratu. Madzi atsopano ndimasakanizira mu chigubu chachikulu chotseka ndi chivundikiro chopotokola, chomwe chimakhala m'kachipinda kokhoma panja. Posintha madzi ndimakoka payipi kuchokera ku thanki mpaka ku ngalande, ina kuchokera ku chigubu, ndipo ndimachita usiku mwana atagona.

Mankhwala nawonso anasamuka. Kalkwasser, yemwe ndi laimu wosungunula wothira m'thanki kuti makorali apeze calcium, akavundulidwa amaoneka ngati mkaka, koma pH yake imapitirira 12 ndipo amaotcha m'kamwa ndi m'maso. Timabotolo toyezera madzi tili ndi asidi ndipo n'tokongola, tokwanira bwino m'kadzanja. Zonsezi zili m'bokosi lokhoma pamwamba pa wadiropu kuchipinda kwathu.

Chomwe chinandiwawa mtima ndi kuchotsa zamoyo zina. Ndinali ndi mwala wodzaza ndi makorali a mtundu wa Palythoa, ooneka ngati timaluwa tobiriwira. Ena a mtundu umenewu, pamodzi ndi abale awo ma zoanthid, ali ndi palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe, ndipo ndi maso simungasiyanitse wapoizoni ndi wopanda. Amalowa pa bala, m'maso, ngakhale popuma: mabanja athunthu anagonekedwapo m'chipatala munthu atawiritsa kapena kukwecha mwala wotere m'nyumba, nthunzi n'kufalikira. Ndinavala magolovesi ndi magalasi, n'kuunyamula uli m'madzi m'chidebe chotseka kukapatsa mnzanga yemwe ana ake ndi akuluakulu, nditamuuza bwinobwino chomwe ndikumupatsa. Nsomba ya foxface, yomwe minga yake ili ndi ululu, inapitanso. Zinatsala ndi ma clownfish, goby ndi makorali ofewa. Ena amati bola mwana asapise dzanja. Ine ndimaganiza za thaulo lomwe ndapukutira manja n'kulisiya pa mpando.

Tsopano mbali ya kuteteza nsomba kwa mwana. Pamwamba ndinaika felemu ya aluminiyamu yokhala ndi neti, yomangidwa ndi timakilipi. Chivundikiro chotseka kotheratu ndinachikana chifukwa chimasunga kutentha n'kutsekereza mpweya. Neti imaletsa nsomba kulumpha komanso imagwira supuni kapena chidole choponyedwa. Choopsa kwambiri ndi chilichonse chokhala ndi kopa, monga khobidi kapena kachidutswa ka waya, chifukwa kopa wochepa chabe amapha makorali, nkhono ndi ma shrimp. Apongozi anga, omwe amatsala ndi mwana ife tikapita kuntchito, ndinawapempha mwaulemu kuti mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu asafike pabalaza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Apongozi, ndiye kuti nsombazi n'zolemekezeka kuposa ife?" Koma sapopera.

Makina odziyendetsa okha ndinawaika pa chifukwa chimodzi: nthawi iliyonse yomwe ndatsegula kabati, mwana amakhala ali pa chigongono changa. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ikachepa, chitseko chimakhala chokhoma.

Woyamba anali makina owonjezera madzi, omwe timawatcha ATO. Madzi amauma tsiku lililonse, makamaka mu Okutobala, koma mchere suuluka nawo, ndiye otsalawo amanka nawawa. Muyeso wofunika ndi magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi, zomwe pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere, zimaonetsa pafupifupi 1.026. Owonjezerawo ayenera kukhala opanda mchere komanso oyera kotheratu. Athu ndi a pa mjigo, ndipo ndimawadutsitsa mu sefa ya RO/DI, yochotsa zosungunuka m'madzi, mpaka mita ya TDS, yoyeza zosungunukazo, iwerenge 0. Makinawa ali ndi kadiso koona msinkhu wa madzi mu sump, kakaona kuti atsika kamayatsa kapampu. Kadisoka kakhoza kudetsedwa ndi ndere n'kumapopa osaleka, choncho pamwamba pake ndinaika kaswitchi koyandama kodula pampu, ndipo chigubu chosungira ndinasankha chaching'ono dala, cha malita 15. Ngakhale onse atakhuthukira m'malita pafupifupi 350 omwe amazungulira, mchere ungatsike kuchoka pa 35 kufika cha m'ma 33.5, zomwe makorali angapirire, ndipo sump siingasefukire pansi pomwe mwana amakwawa. Kamwa ya payipi iyenera kukhala pamwamba kuposa madzi a m'chigubu, apo ayi madzi amapitiriza kudzikoka okha pampu itazima.

Maganizo omwewo ndinawatsata pa mapampu othira mankhwala a makorali. Ndimafuna zinthu za m'madzi zomwe makorali amakulira zikhale pa muyeso wake: alkalinity cha pa 8 dKH, calcium cha pa 420 ppm, magnesium cha pa 1300 ppm, ndipo timapampu timathira pang'onopang'ono tsiku lonse kuchokera m'mabotolo ang'onoang'ono otseka. Kuyeza ndimachitabe ndi manja sabata iliyonse. Hita ndinailumikiza ku Inkbird, kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa, komwe kamasunga madigiri 25, ndipo thermostat ya hitayo ndinaiika pamwamba pang'ono kuti imodzi ikakanirira inayo idule. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira zedi, pomwe mu Okutobala kafani kowuzira pamwamba pa sump ndiko kamagwira ntchito. Nyali zimayaka ndi kuzima pa nthawi yake zokha, palibe zambiri zonena.

Aliyense wa ku Harare akukumbukira 2019 ndi kumapeto kwa 2022, madzi atatsika ku damu la Kariba komwe amapangira magetsi, magetsi akumazima mpaka maola 18 pa tsiku. Thanki ya makorali magetsi akazima, choyamba kutha ndi mpweya. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kuposa madzi wamba, ndipo mzinda uno uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,500, komwe mpweya ndi wopepuka, ndiye m'madzi mumalowa wochepanso. Choncho ndinasanja zinthu motsata kufunika. Kapampu kovundula madzi m'thanki, komwe kamadya mawati ochepa, kali ndi batire yakeyake ya magetsi a DC, kotero kuti ngakhale earth leakage itadula zonse, madzi amayendabe. Pampu yokweza madzi, ATO ndi rauta zili pa inverter. Nyali zikhoza kudikira, makorali safa ndi mdima wa tsiku limodzi kapena awiri. Hita ya mawati 300 ndi yomwe imamaliza batire, ndiye usiku wozizira magetsi kulibe ndimafunditsa thanki bulangete m'mbali, ndipo hita imayaka dzuwa likatuluka.

Zonse zitaikidwa ndinachita mayeso omwe ndimaona kuti ndiwo ofunika kuposa kugula chipangizo chilichonse: kuzimitsa switchi yaikulu pamodzi ndi inverter, n'kukhala pansi kuonerera. Pampu ikaima, madzi a pamwamba amabwerera mu sump kudzera m'payipi yokwezera. Ndinaboola kabowo kakang'ono pa payipiyo, m'munsi pang'ono mwa msinkhu wa madzi, kuti mpweya ukalowa kukokako kuleke. Madzi atakhazikika ndinaona kuti mu sump mwatsala malo, ndipo ndinajambula mzere ndi maka kusonyeza pomwe madzi sayenera kupitirira pampu ikamayenda. Kabowoka kamatsekeka ndi mchere ndi ndere, ndiye ndimakatokosa mwezi uliwonse tsiku lomwe ndimadina batani loyesera earth leakage.

Poyatsanso pamabuka zina. Skimmer, makina ochotsa zonyansa ndi thovu, akayamba sump idakali yodzaza amafufuma n'kutaya madzi onunkha. Ndinaiika pa pulagi yochedwetsa mphindi 10. Mapulagi a WiFi aja ali ndi malo osankhira chomwe achite magetsi akabwera, kuyaka, kuzima kapena kubwerera momwe analili, ndipo ndinayang'ana imodzi ndi imodzi. Chilichonse chomwe moyo wa nsomba umadalira sindinachiike pa pulagi yofuna intaneti kuti ikumbukire ntchito yake. Intaneti ndinaisiyira kutumiza uthenga basi: kutentha kukapyola malire, kapena kachipangizo ka pansi pa kabati kakamva chinyezi, foni yanga ndi ya mayi a mwana zimalira, ndipo kachipangizoko kamalizanso belu m'nyumba.

Belu likalira ine ndili ku ntchito, woliyankha ndi apongozi. Ndinawalembera pepala m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, n'kulimata pa filiji: nyamulani mwana mutuluke naye pabalaza, musaponde madzi, tsitsani switchi yomata tepi yofiira pa bokosi la magetsi, kenako imbani foni. Tinayeserera limodzi mpaka anakhutira, ndipo anandiuza kuti tepiyo ndiike yaikulu chifukwa m'khonde momwe muli bokosilo ndi mwamdima.

Makina odyetsera nsomba okha sindinagule. Chakudya chimanyowa ndi chinyezi cha pamwamba pa thanki n'kumatana, tsiku lina osatuluka kanthu, tsiku lina chigumukire chonse, ndipo chakudya chochuluka chimaononga madzi msanga kuposa njala ya tsiku limodzi. Ndimadyetsa ndekha madzulo kudzera pa kachitseko kakang'ono ka pa neti, mwana ali m'manja mwa mayi ake akuloza ma clownfish, ndipo chitini cha chakudya chimabwerera m'bokosi la pa wadiropu.