Kuphikira udzu kuseri kwa Namitete

M'mawa pamsewu wa Mchinji mumakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala, ambiri ochokera cha ku Dzalanyama, zikulowera ku Lilongwe. Ine ndimapita kwina. Ndinatsika minibasi pa Namitete n'kukwera kabaza mpaka kwa azakhali, komwe amayi a banki m'khonde ayamba kuphikira udzu.

Si udzu wofolera nyumba ayi, umenewo ndi ndalama. Amamweta wotsalira m'madambo ndi m'malire a minda, moto wa osaka mbewa usanadutse. Amaudula tizidutswa, kuuviika m'madzi mpaka ufewe, n'kuusinja mumtondo pamodzi ndi makoko a mtedza, poti kuno mtedza amalima kwambiri. Kenaka amathiramo phala la chinangwa kuti zigwirane. Chopanikizira chake ndi paipi yachitsulo ndi jeke ya galimoto. Zoumbidwazo amazitcha mabuliketi. Amatuluka obowoka pakati kuti mpweya uzidutsa, ndipo amawayanika padzuwa mpaka aume gwa.

"Mwanangu, ukawaika pamafuwa ungolira ndi utsi," anatero azakhali akukoleza Chitetezo Mbaula yawo yadothi, imodzi mwa mbaula zosamala nkhuni zomwe boma linalengeza mu 2013 kuti zifike m'makomo 2 miliyoni pofika 2020. Sananame. Pamoto wapoyera buliketi amangofuka n'kugumuka, koma m'mbaula kutentha kumasonkhana pansi pa poto. Madzi a tiyi anawira mosachedwa, nsima nayo inapsa bwinobwino popanda wotsokomola.

Koma nyemba zinawakanika. Udzu umayaka msanga n'kusiya phulusa lambiri lotseka mpweya, moti wophika sachoka pamoto. Tsiku la nyemba azakhali amabwerera ku nkhuni, ndipo sindikuwadzudzula.

Chomwe sichinandikomere ndi kagawidwe ka ntchito. Kumweta, kusenza, kutunga madzi, kusinja, zonse ndi amayi. Abambo amatulukira nthawi yopopa jeke basi, makamaka pakabwera mlendo wokhala ndi foni yojambula. Mwina nthawi yomwe mayi wapulumutsa posapita kunkhuni imathera pamtondo.

Vuto lina ndi dzinja. Mabuliketi akangolowa chinyezi amafewa n'kuchita nkhungu, pomwe ndi nthawi yomwe nkhuni zouma zimasowa kwambiri. N'chifukwa chake gululi lagwirizana kuti likagawana ndalama mu Disembala, liyambe ndi kugula malata a kashedi kosungiramo.