Mapu a pamanja ku Kanyama: m'mene tinaonetserana ndi kukonzerana

Komiti ya zaumoyo ya kwathu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, inatipempha kuti aliyense ajambule mapu a mbali imene amakhala mvula isanayambe mu November, tionetse pamene madzi amaima, zitsime zokumba pamanja zija, zimbudzi, mipopi yogulitsa madzi ndi milu ya zinyalala. Google Maps imakuonetsa msewu wa Los Angeles ndi madenga a nyumba, koma tinjira tapakati pa nyumba timene timadutsa tsiku lililonse tambiri mulibemo, ndipo siingakuuze kuti apa mu January madzi amafika m'mawondo. Kujambulako sikunandivute, ndinatenga pepala la A4 ndi pensulo, ndikuyenda nkumawerenga mapazi, mapazi 50 sentimita imodzi papepala basi. Ntchito inakula titayamba kupatsana mapepala aja.

Ine ndinayamba ndi munthu wosadziwa malo. Pali mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amakhala ku Chawama, ndinamupatsa mapu pa siteshoni ya basi nkumuuza kuti apite ku mpopi wa kuseri kwa chigayo, ine ndili pambuyo pake kukamwa kotseka. Kutseka kukamwako nkovuta zedi chifukwa ukaona munthu akukhotera kolakwika mtima umafuna kukuwa kuti ayi iwe kumanzere uko, koma ukangolankhula ndiye kuti wamutsogolera ndiwe, mapu sanagwire ntchito. Paliponse pamene anaima nkutembenuza pepala ndinkalemba kadontho pa fotokope yanga. Anaima nthawi yaitali pamene pali matchalitchi awiri oyandikana, onse anali ndi kamtanda kofanana, nde anati lembani dzina kapena mtundu wa khoma. Anandiuzanso kuti tindandanda togulitsa tomato si chizindikiro chodalirika chifukwa mawa kakhoza kusamuka, bola chigayo, thiransifoma ya magetsi ndi mtengo waukulu wa mango.

Kenako ndinapita nawo kwa amayi ena achikulire amene akhala m'komboni muno kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo apa mpamene mapu anasinthiratu. Ndinawayala pa mphasa, iwo kuwatembenuza nthawi yomweyo, ati kutauni kukhale kutsogolo. Ine ndinali nditaika kumpoto pamwamba monga tinaphunzirira kusukulu, koma kuno palibe amene amalondolera mnzake njira ndi kumpoto, timati mbali ya kutauni, mbali ya ku Mumbwa Road. Tinagwirizana kuti kamuvi ka kumpoto kakhale, koma m'mphepete mwa pepala ndilembenso kuti uku nkutauni, ndipo poti tauni ili kum'mawa kwa Kanyama zinthu ziwirizi sizikutsutsana. Atatero anandigwira dzanja, ati mwanawe tiye ukaone, nkundionetsa mizere ya matope pa makoma a nyumba pamene madzi a chaka chatha anafika. Apa mpamene ndinamva kuti madzi a mbali yathu samangochokera mu ngalande yotsekeka ija, ena amatumphuka pansi penipeni. Kanyama yakhala pa mwala wa laimu, madzi apansi ali pafupi kwambiri, nde mvula ikachuluka chimbudzi chokumba ndi chitsime zimakumana pansipo ife osaona. Amene tinaona kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya mu January 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium ndipo masukulu anachedwa kutsegula, tikudziwa kuti kamzere kamodzi pa mapu otere si nkhani yamasewera.

Sikuti zonse zimene ndinauzidwa ndinalola. Abambo ena amene ali ndi chitsime pakhomo ndipo oyandikana nawo amatungapo anandipempha ndichifufute, ati chidzakwiriridwa. Ndinawamvetsa chifukwa ku mpopi nkolipira ndipo nthawi zina madzi samatuluka, koma ndinawayankha mwaulemu kuti abambo, chitsimechi chilipo ndipo chimbudzi chili mapazi 8 okha kuchokera apa, ndikachichotsa mapu anama. Ndinawalonjeza kuti dzina lawo silikhalapo, kabwalo kabuluu basi ngati zitsime zina zonse. Ine ndimasiyanitsa choncho, wina akati apa palakwika ndimapita kukaona ndi maso, koma wina akati apa bisani ndimakana.

Manje mbali yopereka maganizo. Ine ndinapatsidwa mapu a mtsikana wina wa mbali ya kumsika, okongola kwambiri, nyumba iliyonse ndi mtundu wake, zikuoneka kuti anagonerapo. Sindinalembepo kanthu pa pepala lake, ndinapanga fotokope nkumalemba pamenepo, munthu wavutikira chinthu chake sungangofika ndi bolopeni yofiira ngati aphunzitsi. Ndinayamba ndi kumufunsa kuti mapuwa akufuna athandize ndani, iye ati anthu opopera mankhwala ndi ogawa klorini. Apo zinakhala zosavuta, ndinangomuuza pamene ine ndinasochera poyenda nawo: ngalande ndi njira anazijambula ndi mzere wofanana nde ndinafika pamene ndimayesa njira koma ndi madzi akuda, komanso panalibe kabokosi kofotokoza zizindikiro. Chachikulu chinali chakuti pa zimbudzi zodzadza analembapo mayina a eni nyumba. Izi ndinamuuza tili awiri osati pagulu, kuti asisi mapuwa adzajambulidwa pa foni nkuyenda pa WhatsApp, anthu achita manyazi ndipo ulendo wina sadzatilolanso kulowa pakhomo pawo. Anayamba wakhumudwa pang'ono koma anachotsa mayina nkuika manambala, mndandanda wa mayina unatsala m'kope la komiti.

Mapu anga ndinawajambulanso pa pepala latsopano, nditatsimikiza zonse mpamene ndinadutsitsamo bolopeni, nkulemba mwezi ndi chaka pakona chifukwa m'komboni nyumba zimamera msanga ndipo kanjira ka lero chaka chamawa ndi mpanda. Malo oima madzi ndawasiya a pensulo dala. Mvula yamphamvu yoyamba ikagwa tagwirizana ndi amayi aja kuti tidzayendenso ndi magambutsi tikaone ngati mizere ija ili pamalo pake, kenako tikapereke ku komiti.