Vazi ya azakhali ndi zilembo zitatu zomwe zinandipusitsa

Azakhali anandipatsa vazi yagalasi pomwe ankasamuka chaka chatha, anangoikulunga mu juzi yakale nkunena kuti "tenga iwe, paja umakonda zinthu zopanda ntchito." Iwonso anachita kupatsidwa ndi gogo wina yemwe ankamusamalira kalekale, gogo wokonda kutolera zinthu zamakedzana. Vaziyi si yaikulu, kutalika kwake ndi chikhatho ndi theka basi, ndi yobiriwira koma ukamaitembenuza padzuwa imasinthasintha, pena golide pena pepo pena buluu, mmene amaonekera oyilo akadonthera pa chithaphwi muja. Thupi lonse ndi timaenje tokhatokha ngati wina anakhala pansi nkumaligogoda ndi kahamala.

Miyezi ingapo inangokhala pa shelefu. Tsiku lomwe ndinati ndiipukute fumbi ndi lomwe ndinaona kunsi kwake zilembo zitatu zolembedwa mokanda, L.C.T. Nditafufuza pa intaneti mtima unagunda ndithu, chifukwa zilembozi ndi za Louis Comfort Tiffany wa ku New York, amene magalasi ake onyezimira otchedwa Favrile anawalembetsa mu 1894 ndipo lero amasungidwa m'mamyuziyamu. Usiku umenewo sindinagone bwino, ndisaname, ndinali nditayamba kale kuona dzina langa pa nyuzi.

Nde ndinayamba kuwerenga kuti nditsimikize, ndipo mmene ndinkawerenga ndi mmenenso chimwemwe chija chinkaphwera pang'onopang'ono. Anthu odziwa magalasi akale siginecha amaiyang'ana pomaliza. Amayamba aona mmene chinthucho chinapangidwira, poti galasi limasunga zipsera za manja ndi zida zomwe zinalikhudza lili lamoto, pomwe siginecha aliyense wokhala ndi kachitsulo kosongoka atha kulemba Loweruka masana.

Chipsera chachikulu chimakhala kunsi. Wopanga amatenga galasi losungunuka m'ng'anjo pa nsonga ya paipi yachitsulo nkumauzira mpweya kuti lifufume, koma kuti akonze kukamwa kwa vazi amayenera kuichotsa pa paipi paja, nde amamata ndodo ina yachitsulo kunsi kwake kuti aigwirire kumeneko. Akamaliza amathyola ndodoyo ndipo pamatsala chipsera chomwe amachitcha pontil, ine ndimangoti mchombo chifukwa ndi mchombodi, malo omwe vazi inadulidwa kwa oibereka. Ena amausiya wokhakhala, mafakitale osamala amaupala mpaka kukhala kadzenje kosalala kozungulira. Vazi yopangidwa chonchi kukamwa kwake kumakhala kofewa, koulungika, poti anakubwezera pamoto. Ma vazi a Tiffany ndi otero.

Yanga mchombo ilibe. Kunsi kuli see. Ndipo mlomo wake ukayendetsapo chala ndi wafulati, wa m'mbali mwakuthwa pang'ono, zoonetsa kuti anachita kudula galasi litazizira kenako nkupala pa mwala. Ndinalowetsanso chala mkati, timaenje takunja tija mkati timamveka ngati timatuza, kutanthauza kuti anauzira galasi m'chikombole ndipo khoma lonse linatsatira maonekedwe a chikombolecho. Apa ndinapumako pang'ono chifukwa zinachotsa mantha ena omwe ndinali nawo, oti mwina ndi carnival glass, magalasi onyezimira otchipa aja omwe fakitale ya Fenton inayamba kupanga ku America cha m'ma 1908, omwe anthu ankawanena kuti ndi Tiffany wa amphawi. Amenewo amachita kudinda ndi makina, kunja kumakhala maluwa mkati nkukhala mosalala. Koma Tiffany uja naye anali atapita.

Chomwe chinandimaliza ndi kagalasi kokulitsira zinthu. Vazi yomwe yakhala zaka zoposa 100 ikukhwekhwerezedwa pa matebulo imakalika kunsi, pa kamzere kozungulira komwe kamagunda thabwa, ndipo kukalika kwenikweni kumapita mbali zonse mosalongosoka, kwina kozama kwina kosaoneka bwino. Achinyengo akafuna kukalambitsa vazi yatsopano amapaka sandipepa ndipo mizere imaloza kumodzi ngati yochita kupesa. Yanga yakalika mwachilungamo, ndi yakaledi. Koma mwendo wa L uja ukudutsa pamwamba pa zokalika zakalezo, ukuzidula, ndipo mkati mwa zilembo ndi moyera mbee pomwe zokalika zinazo zada ndi litsiro la zaka. Wina analemba vazi itakalamba kale. Ndinakhala phee kwa kanthawi, kenako ndinaseka ndekha, chifukwa munthu ameneyo kaya anali ndani anapusitsa gogo uja, ndipo patapita zaka zonsezi wandipusitsanso ine ali m'manda mwina.

Kuwerenga za masiginecha kunandikoma mwina kuposa vaziyo. Émile Gallé, wopanga magalasi wa ku Nancy ku France, anamwalira mu 1904 koma fakitale inapitiriza, ndipo kwa zaka zochepa zotsatira ankaika kanyenyezi pambali pa dzina lake, nde kanyenyezi kokhako kamakuuza kuti mwiniwake sanaigwire vaziyo. Palinso zongotengera zambirimbiri zochokera ku Romania zomwe zili ndi dzina la Gallé ndi kamawu koti Tip pambali, ndipo ogulitsa ena amakapala kamawuko kuti iwoneke yeniyeni. René Lalique, wopanga magalasi winanso wa ku France, anamwalira mu 1945, zopangidwa iye ali moyo zimalembedwa R. Lalique, atapita R uja anamuchotsa, nde pali anthu amene ntchito yawo ndi kuwonjezera R pa zinthu zatsopano. Ngakhale dzina la dziko limathandiza, vazi yolembedwa Czechoslovakia singakhale ya 1900 poti dzikolo linabadwa mu 1918. Komanso mafakitale ambiri, makamaka a ku Murano ku Italy, ankangomata sitika yapepala yomwe imachoka tsiku loyamba kutsuka, choncho kusowa dzina si umboni woti chinthu ndi chachabe.

Ndinagulanso katochi ka UV, kamene kuwala kwake kwapepo kamapangitsa zinthu zina kuwala mumdima, chifukwa aliyense amakamba za iko. Galasi lomwe anathiramo uranium limawala mobiriwira kwambiri mumdima. Yanga sinawale, ndipo ikanawalanso sizikanandiuza dzina la munthu, mafakitale ambiri ankagwiritsa ntchito uranium. Katochiko pano ana ndi amene amaseweretsa.

Kukamwa kodula, kunsi kopanda mchombo, kunyezimira kochita kupopera mchere wa zitsulo galasi lili lamoto, zonsezi zinandilozera ku Bohemia, komwe lero ndi Czech Republic, cha m'ma 1900. Apa ndinatsala pang'ono kugweranso m'dzenje lachiwiri, chifukwa dzina lotchuka kumeneko ndi Loetz, opanga magalasi a ku Klostermühle, amene anapata mphoto yaikulu ya Grand Prix pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, ndipo zinthu zawo zambiri sankasaina nkomwe. Nde mukudziwa mmene mtima umachitira, Tiffany wakanika basi tiyeni Loetz. Vuto ndi loti pa intaneti vazi iliyonse yonyezimira yopanda dzina amaitcha Loetz, pomwe m'dera lomwelo munalinso Kralik, Rindskopf, Pallme-König, onse akupanga zofanana nkumaberana masitayelo. Timaenje tangati tahamala tija amatitcha martelé ndipo Loetz ndi Kralik onse ankapanga. Kusiyana kwake nkoti Loetz nthawi zambiri amakhala ndi mchombo wopalidwa bwino ndi mlomo womalizidwa pamoto, pomwe kudula pamwamba kumapezeka kwambiri kwa anzawowa poti kunali kwachangu komanso kotchipa.

Chomwe chimagamula ndi shepu. Mtundu ndi kunyezimira fakitale ina imatha kukopera, koma chikombole ndi cha mwini wake, nde umafunika kupeza vazi ina yodziwika bwino komwe inachokera, ya m'myuziyamu ngati ya magalasi ku Passau ku Germany kapena ya m'makatalogi akale, yomwe khosi, mapewa ndi tako zikufanana ndi yako ndendende, osati kungofananako. Ndinatha masabata atatu ndikuyang'ana zithunzi pa foni mpaka maso kuwawa, vazi ili pambali ndi rula, ndipo zambiri ndinkazikana pa khosi, poti yanga khosi lake ndi lofinyidwa mbali zitatu ngati wina analitsina ndi zala. Nditaipeza inzake inali ya mtundu wina, yofiirira, koma shepu yomweyo, kutsina komweko, mlomo wodula chimodzimodzi, ndipo inali m'gulu la Wilhelm Kralik Sohn, fakitale ya ku Eleonorenhain komwe pano amati Lenora.

Ndinawaimbira azakhali. "Azakhali, vazi ija ndaipeza mwini wake, si Tiffany ayi, zilembo zija wina anachita kulemba, ndi ya Kralik."

"Kralik ndi ndaninso mwanawe?"

Ndinayamba kufotokoza za mchombo ndi chikombole koma anandidula pakati, akuti gogo uja ankaikamo mapensulo ndi malezala ndipo tsiku lina inagwa pa kapeti osasweka, nkundifunsa ngati ndayamba kuikamo maluwa kapena ndikungoizondotsa tsiku ndi tsiku. Maluwa sindiikamo, madzi akakhalitsa amasiya chifunga choyera mkati mwa galasi lakale chomwe sichichoka ngakhale utatsuka bwanji. Ndinalemba kapepala kuti Kralik, Bohemia, cha m'ma 1900, L.C.T. yakunsiyo ndi yabodza, ndinakapinda nkukaponya mkatimo.