Subconsciously ya Black Coffee ija

Abale tiyeni tikambe za Subconsciously, alubamu ija ya Black Coffee, DJ wa ku South Africa, chifukwa mpaka pano anthu amakanganabe ngati yatuluka dzulo. Inatuluka mu 2021, mkuluyu anaitana anthu olemera mayina, Pharrell Williams, Usher, Diplo, David Guetta, ndiye kunyumba kwawo ku South Africa anatenga Msaki pa Wish You Were Here, ndipo kwa ine nyimbo imeneyo ndiye mutu wa alubamu yonse, mawu a mayi amene uja akalowa pamwamba pa biti yofatsa ija basi umangosiya zomwe umachita.

Koma ma fanzi akale a nyimbo za mtundu wa house ambiri sanasangalale ayi, ankati wafewetsa zinthu kuti azungu azimukonda, ng'oma zija zachepa, zangokhala za pa wailesi. Ena mpaka kumati wagulitsa mtundu eti. Pa LaLaLa ya Usher ndikuvomereza ndithu, imeneyo ndimaidumpha.

Ndiye mu 2022 ku Las Vegas anatenga Grammy ya Best Dance/Electronic Album, omwe ankanyoza aja ndi amene anayamba kupositi mbendera ya dziko lawo kkkk. Inuyo mumaimvera iti pa alubamu imeneyi?