Chibalo cha windo

Sabata ino inayamba mwa nthawi zonse. Choko chinatha Lolemba, Lachiwiri ndinachonga makope a Fomu 2 mpaka maso kuwawa, dikishonale yathu imodzi ija yothothoka masamba ikuzungulira makalasi anayi. Izo tidazolowera. Zimene zandilembetsa ndi za Lachitatu.

Ndikulowa mu Fomu 3 ndinaona kuti pa desiki ya kutsogolo palibe mtsikana amene amandiyankha mafunso ena onse akangoti ziii. Kusuzumira panja, uyo ali ndi chikwakwa m'manja, akutchetcha kuseri kwa zimbudzi dzuwa lili pamutu. Ndinamuyitana.

"Walakwanji iwe?"

"Ndayankhula vanakyula, sala."

Akuti m'mawa kunali mphepo, iye n'kuuza mnzake kuti, "Tseka windo." Pulifekiti n'kumulemba dzina. Lamulo la pasukulu pathu likuti wogwidwa akuyankhula Chichewa agwire chibalo, ndipo chibalocho achiwiri kwa a hedi amachipereka nthawi ya maphunziro. Mwana wachotsedwa mu piriyodi ya Chingerezi kuti aphunzire kulemekeza Chingerezi!

Ndinamulanda chikwakwacho n'kumulowetsa m'kalasi. Za mu sikimu, ndondomeko ya zoti ndiphunzitse, ndinaziyika padera. Ndinalemba "window" pa bolodi n'kufunsa kuti mawuwa ndi a ndani. Onse anati a Angerezi. Ndinawauza kuti Angereziwo anachita kubwereka kwa ma Viking a ku Scandinavia, amene ankati "vindauga", diso la mphepo, chiboo cholowera mphepo ndi kuwala. Ndinawonjeza kuti chaka cha 1066 a Norman oyankhula Chifalansa atalanda England, ng'ombe ya kubusa inakhalabe "cow" koma ya m'mbale ya bwana inasanduka "beef", nkhumba "pig" n'kukhala "pork". Mnyamata wina wa kumbuyo, woti chiyambire temu sanakwezepo dzanja, anafunsa ngati nafenso timabwereka. Ndinamuloza kuphazi: nsapato tidatenga kwa Apwitikizi, kalata chimodzimodzi.

Ndiye ndinalemba "vernacular". Apa dzanja linkanjenjemera, sindinama. Mawuwa amachokera ku Chilatini, "verna", kapolo wobadwira m'nyumba ya mbuye wake. Ndi dzina limene timatchulira chiyankhulo cha amayi athu tsiku ndi tsiku pa asembule, tili ndi tayi m'khosi. Mtsikana uja ankangoyang'ana matuza a m'manja mwake.

Pa buleki anandiyitana ku ofesi. Akuti ndanyoza ulamuliro pamaso pa ana, komanso za ma Viking sizibwera pa MSCE. Ndinayankha mwaulemu kuti, "Bwana, Chingerezi ndikufuna achidziwe kuposa mmene mukufunira inu, poti popanda icho satifiketi kulibe. Koma udzu suphunzitsa galamala. Tigulireni madikishonale." Anati ndalama palibe. Zikwakwa zatsopano zisanu zili pakona mu ofesi momwemo.

Lachinayi ndi Lachisanu zinangodutsa, kolowa m'malo mwa mnzathu wodwala, kodzaza malikodi. Malipiro sanalowebe, ndipo mu sitafulumu wina anandiseka kuti ndiwafotokozere gwero la "salary". Ndinati ndi mchere m'Chilatini, "sal", womwe kunyumba kwanga watsala wa pansi pa botolo.

Dzina la mtsikana uja likadali m'buku la chibalo. Akuti adzamalize gawo lake Lolemba.