Manambala a Chichewa anatisokonezera mayeso a Lachitatu

Sabatayi inali yoyesa ana komaliza, atatha masabata asanu akuchita masewera a n-back pa matabuleti (masewera oyesa kukumbukira, pomwe mwana amanena ngati chimene chaoneka pano chikufanana ndi chimene chinaoneka kangapo m'mbuyomo). Pa kafukufuku wathuyu ana ali m'magulu awiri, la n-back ndi loyerekezera, ndipo timawayesa asanayambe masewerawo komanso atamaliza. Za Lolemba ndi Lachiwiri palibe chachilendo: magetsi anazima, ma power bank anatha masana asanakwane, matabuleti atatu mwa 12 anagona. Zimenezo tinazizolowera. Nkhani ili pa Lachitatu.

Woyesa wathu mmodzi anadwala. M'malo moimitsa mayeso tsiku limodzi, akuofesi anatibwerekera mayi wina wa ku pulojekiti ina, katswiri podzaza mafomu koma sanayesepo mwana. Tinapempha tsiku lomuphunzitsa, yankho n'kukhala loti alawansi ya tsiku loonjezera mulibe m'bajeti. Pepala la malangizo analiwerengera m'galimoto.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa mmene digit span, mayeso amene woyesa amatchula mzere wa manambala mwana n'kubwereza, imayendera: nambala imodzi pa sekondi, mawu osakweza osatsitsa, osaika manambala m'timagulu, osabwereza, mizere iwiri pa utali uliwonse, mwana akaphonya yonse iwiri mwalekera pomwepo. Chimene pepala lija silinanene, poti tonse tinkachiona ngati chodziwikiratu, ndi chilankhulo cha manambalawo. Poyesa koyamba tinkawatchula mmene ana amawatchulira m'kalasi ndi pa golosale: wani, thuu, seveni, eyiti. Mayiyu, pofuna kuwapeputsira ana a kumudzi, anawatchula m'Chichewa. Mzere wa 7-9-6-8 unasanduka "zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi zitatu".

Zinadziwika cha m'ma 11 koloko, mawuwo atamveka pawindo. Kamtsikana ka Sitandade 4, komwe poyesa koyamba kanafika manambala asanu, kanali kakupinda zala kunsi kwa desiki. "Zisanu... zisanu ndi... pepani madamu, zandisokonekera." Kanathera pa atatu.

Mwanayo sanalakwe. Wofufuza wina, Baddeley, ndi anzake anaonetsa mu 1975 kuti munthu amasunga m'mutu mawu okhawo amene angawatchule m'masekondi pafupifupi awiri. Mawu akatalika, olowa amachepa. Mu 1980 Ellis ndi Hennelly anaziona ku Wales: anthu omwewo, odziwa zilankhulo ziwiri, ankakumbukira manambala ochepa m'Chiwelishi kuposa m'Chingerezi, chifukwa a Chiwelishi amatenga nthawi powatchula. Nanga kwathu kuno, kumene "eyiti" m'Chichewa ndi mawu atatu athunthu? Onjezerani kuti kuyambira 6 mpaka 9 onse amayamba ndi "zisanu ndi", ndiye amafanana m'khutu n'kusakanikirana. Mwana wozolowera manambala a m'kalasi amayamba waphatikiza 5 ndi 3 asanasunge kanthu. Lamulo la nambala imodzi pa sekondi nalo linali litafa kale, poti lilime silingathe.

Apa n'kuti atayesa ana 14. Popeza magulu tinawagawa potsata makalasi, 11 mwa iwowa anali a gulu loyerekezera, lija limajambula zithunzi pa tabuleti kwa mphindi zofanana ndi anzawo. Zotsatira zawo zinatsika, ndipo pa tebulo gulu la n-back linaoneka ngati lachita zozizwitsa.

Chopweteka kwambiri chinabwera Lachinayi. Wa kuofesi ataona tebulolo anamwetulira, nati opereka ndalama asangalala, tingoika kamzere kofotokoza m'munsi mwa lipoti. Kamzere? Umboni unali m'mafomu omwewo. Pa mayeso a Corsi, pamene woyesa amagogoda timatabwa tisanu ndi tinayi popanda kutchula liwu, mwana n'kutsatira ndondomeko yomweyo, ana 14 aja anali chimodzimodzi ndi anzawo. Chinatsika ndi chokhacho chodutsa m'khutu.

Ndipotu amene wawerengapo za ntchitoyi sathamangira kuwomba m'manja akaona kusiyana kwakukulu. Jaeggi ndi anzake atanena mu 2008 kuti dual n-back (n-back yotsatira zooneka ndi zomveka nthawi imodzi) imakweza luso loganiza, dziko linatekeseka. Mu 2013 Redick ndi anzake anabwereza, gulu loyerekezera nalo akulipatsa chochita, ndipo phindu lija silinaoneke. Chaka chomwecho Melby-Lervåg ndi Hulme anasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti munthu amakhoza bwino masewera amene waphunzirawo ndi ena ofanana nawo, koma umboni woti zimafika ku masamu kapena kuwerenga ndi wofooka. Eni ake a Lumosity, masewera ogulitsidwa ngati olimbitsa ubongo, analipira chindapusa cha madola 2 miliyoni ku America mu 2016 chifukwa cholonjeza zoposa umboni wawo. Ife tikanalowa m'dzenje lomwelo, chifukwa cha alawansi ya tsiku limodzi.

Kukonza kwake si kungowaitana anawo mawa lake. Mizere yomweyo sangaimvenso, poti ena aikumbukira, ndiye pafunika fomu yachiwiri yokhala ndi manambala ena a utali wofanana. Woyesa akhale wophunzitsidwa, ndipo asadziwe kuti mwanayu ndi wa gulu liti. Zotsatira zolakwikazo sitifufuta. Taziika chizindikiro, ndipo powerengera tichita kawiri, ana 14 ali momwemo ndiponso atachotsedwa. Ngakhale titero banga latsala, chifukwa iwowa adzakhala atayesedwa katatu pamene anzawo kawiri, ndipo kuzolowera mayeso pakokha kumakweza zotsatira pang'ono. Zimenezo zilembedwa m'kati mwa lipoti, osati m'munsi.

Lachisanu linathera pa mapepala. Malangizo tsopano akutchula nambala iliyonse mmene iyenera kumvekera, ndipo tajambula mawu a munthu mmodzi pa foni kuti ana onse azimva liwu lomwelo pa liwiro lomwelo. Mafomu achiwiri asindikizidwa, ali m'katoni. Mafuta a galimoto yobwerera kusukuluko akudikirabe siginecha.