Phwando la pa 20

Ku mlaga kwathu anandisankha kuti ndidzatsogolere phunziro la Machitidwe 17, paja Paulo ali ku Athens kukangana ndi anthu ophunzira. Pa vesi 18 pakutchulidwa magulu awiri, Aepikureya ndi Asitoiki. Ine ndine mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amaopa kufunsidwa funso pagulu n'kuyamba kutsokomola. Choncho ndinagula bandulo kuti ndifufuze kuti anthu amenewa anali ndani. Asitoiki sindinawafike n'komwe. Ndinakodwa pa Epicurus, amene anayambitsa gulu la Aepikureya.

Mkuluyu anabadwira pa chilumba cha Samos m'chaka cha 341 Yesu asanabadwe. Cha m'ma 306 anagula dimba ku Athens n'kuyambitsamo sukulu, ndipo anthu ankangoitchula kuti Dimba. Akazi ankaloledwa kuphunziramo, akapolonso chimodzimodzi. Chiphunzitso chake chinali chakuti cholinga cha moyo ndi chisangalalo. Nditafika pamenepa ndinacheuka kaye kuona ngati akazi anga ali pafupi. Koma kupitirira pang'ono ndinapeza kuti kwa iye munthu wosangalala ndi amene thupi silikumupweteka ndipo mtima wake uli phee. Basi. Zilakolako anazigawa patatu. Pali zachibadwa zimene munthu sangakhale popanda izo, monga chakudya ndi pogona. Pali zachibadwa koma zoti ungathe kuzisiya, monga ndiwo zonona. Ndiye pali zachabechabe zopanda polekezera, monga kutchuka, mpando ndi chuma. M'kalata yake kwa Menoeceus analemba kuti mkate wa balere ndi madzi zimakoma kotheratu kwa munthu wanjala. Epicurus anapemphanso mnzake wina kuti amutumizire kamphika ka tchizi, kuti tsiku limene wafuna kudzisangalatsa kwambiri adzathe kutero.

Unali mwezi wa Januwale. Amene mumalipira fizi mukudziwa mmene mawu otere amakomera mu Januwale.

"Amayi," ndinatero madzulo ake, "pakhomo pano tisinthe kakhalidwe. Zofuna zathu zachuluka, n'chifukwa chake nkhawa sizitha."

Anapitiriza kusankha nyemba osadzutsa mutu. "Abambo, nzeru zimenezi zabwera malipiro atatha kapena asanathe?"

Tinagwirizana kuti iwo ndi ana apitiriza nsima ndi ndiwo monga mwa masiku onse, koma ngati ine ndafuna kukhala Mgiriki azindiphikira chigumu chopanda shuga, poti balere pamsika pathu sapezeka. Kuyambira pamenepo ndinkadyera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kadimba kathu ka mpiru, chigumu kumanja, kapu ya madzi kumanzere, fungo la usipa wokazinga likundilondola kuchokera pa zenera la kukhitchini. Mwana wathu wamng'ono ankabwera kudzandifunsa ngati ndalakwa.

Mbali ina inathandizadi. Epicurus ankalangiza ophunzira ake kuti azikhala mwakachetechete osalowerera ndale. Ndinatuluka m'magulu onse a WhatsApp okangana za zipani, ndipo tulo tinabwerera. Pa mfundo imeneyo mpaka lero ndimamuikira kumbuyo.

Chinandipweteketsa ndi nkhani ya ubwenzi. Epicurus ankati pa zonse zimene nzeru ingamupezere munthu, chachikulu ndi abwenzi. Seneca, wolemba wa ku Rome, anasunga mawu ake akuti usanaganize zoti udya chiyani uyambe waganiza zoti udya ndi ndani, chifukwa kudya wekha ndi moyo wa mkango kapena mmbulu. Ndinadziyang'ana pansi pa mango paja n'kuona kuti mmbuluwo ndine. Ndipo Epicurus m'wilo yake analamula kuti pa 20 mwezi uliwonse ophunzira ake azikumana pokumbukira iye ndi mnzake Metrodorus. Ndinayang'ana kalendala, pa 20 panagwa Loweruka.

Seneca yemweyo akunena kuti pa chipata cha Dimba panalembedwa mawu oitana mlendo kuti akhale, chifukwa kumeneko chabwino choposa zonse ndi chisangalalo. Ndinang'amba katoni ya sopo n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti MLENDO LOWA, KUNO CHACHIKULU NDI CHISANGALALO. Pali mawu ena otsatira, onena kuti wosamalira malowo akulandira ndi ufa wa balere ndi madzi, koma katoni inali itatha. Ndinaipachika pa geti, ndinaijambula, chithunzi n'kutumiza kwa aphunzitsi anzanga atatu komanso kwa alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amayendetsa minibasi ya ku Limbe. Tchizi ndinakagula m'sitolo ina yaikulu m'tauni, kachidutswa kokwana m'chikhatho. Ndalama yake ndikanagula nkhuku yamoyo.

Loweruka masana ndinayala mphasa, ndinaikapo chigumu, jagi ya madzi, ndi tchizi pa mbale ya alendo. Aphunzitsi aja anafika, anaona zimene zinali pa mphasapo, n'kuyamba kufunsana za nthawi. Kenaka tinamva hutala. Alamu anaimika minibasi pa geti ili yodzaza thothotho. Kondakitala anatsitsa sipika, wina mbaula ziwiri, wina makireti, ndipo anyamata awiri ananyamula mbuzi yosendasenda kale. Anthu amene sindinawaonepo chibadwire ankaima pa katoni paja, kuwerenga, kugwedeza mutu movomereza, n'kulowa. Omaliza kutsika anali apongozi anga aakazi, amene alamu anakumana nawo ku depoti akuchokera ku Ntcheu n'kuwauza kuti kwa mkamwini wawo kuli mwambo.

"Alamu, apa mwaganiza bwino," anatero akundigwira paphewa. "Ife timadandaula kuti mwakalamba msanga."

Ndinaimirira kuti ndiwongole zinthu. Ndinapempha kuti sipika aitsitse, ndinafotokoza za Samos, za magulu atatu a zilakolako, za chigumu. Ndinawauza kuti kulakwitsa kwawoku si kwachilendo, chifukwa ngakhale Epicurus ali moyo anthu ankamva za chisangalalo n'kuganiza kuti m'Dimba muja mumachitika zadama ndi kuledzera. Ndinapereka chitsanzo cha Timocrates, m'bale wake wa Metrodorus, amene anali wophunzira kenaka n'kuchoka atakwiya, n'kuyamba kufalitsa kuti Epicurus ankasanza kawiri pa tsiku chifukwa chodya mopitirira muyeso.

"Limenelo linali bodza la munthu wanjiru," ndinatero ndikuloza kumwamba. "Wotsatira Epicurus weniweni sangachite zimenezo."

Pa zonse zimene ndinalankhula, apa pokha ndi pamene anthu anatchera khutu. Kondakitala anafunsa kuti dzina lija ndilibwerezenso.

Ndinayendetsa mbale ya tchizi. Apongozi anatenga kachidutswa, ananunkhiza, n'kubweza. Sanandiyang'ane, analankhula kwa mwana wawo. "Uwauze bambo a ana kuti kumene anagula zimenezi awabera. Zinawonongeka kale." Mbale inazungulira bwalo lonse n'kubwerera kwa ine mmene inachokera.

Nthawi imeneyi n'kuti mbaula zitayaka. Inu, munthu amene wakhala pa chigumu chopanda shuga mphuno yake imatseguka mwa njira ina. Ndinamva chiwindi pachokha, nthumbwana pazokha, mafuta akugwera pa makala. Ndinakhala kumbali ndi kapu yanga ya madzi, ndipo m'mutu munabwera ndime ina ya kalata ija ya kwa Menoeceus. Epicurus sanaletse nyama. Iye anati munthu wozolowera chakudya wamba ndi amene amasangalala bwino zonona zikamupeza mwa apo ndi apo. Ndinaganiza mofatsa n'kupeza kuti pa bwalo lonselo munthu yekhayo amene anakonzekera mbuziyo mwa chiphunzitso ndinali ine. Kuikana kukanakhala kusamvetsa filosofi.

Ndinayamba ndi kachiwindi. Kenaka nthumbwana, ndi tsabola wa kambuzi. Kenaka nthiti. Alamu ankangowonjezera pa mbale, ine ndinkangolemekeza ubwenzi. Pakati pa zonsezi ndinakumbukira ndalama ya tchizi, mtima unandipweteka, ndipo ndinamudya yense. Mowa sindimwa, choncho ndinatsitsira ndi thobwa limene linali litagona masiku angapo, litayamba kuwawasa. Pasanapite nthawi m'mimba munayamba kulira ngati chigayo cha dizilo.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti amayi awiri a ku mlaga anadutsa pa msewu, anawerenga katoni, anamva sipika, anaona makireti, n'kuimbira foni abusa. Mwana anathamanga kudzandiuza kuti pa geti pali abusa ndi mkulu wa mpingo. Ndinapita kukawalonjera mafuta ali waliwali pakamwa.

Abusa athu ndi munthu wowerenga. Sanakalipe. Analoza katoni. "Aphunzitsi, munthu wanuyu mukumudziwa bwino? Mukudziwa kuti ankaphunzitsa kuti milungu ilibe nazo ntchito za anthu, ndiponso kuti munthu akafa mzimu wake umathera pomwepo?"

"Abusa, zimenezo ndinaziona, koma ine ndinangotengako mbali ya chakudya."

"Mbali yake ndi imeneyi?"

Ndinafuna kuyankha kuti ayi, mbali yake ndi kudziletsa, ndipo chigumu chili pa mphasa ngati umboni. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka sanali mawu. Ndinangokwanitsa kutembenuka kuti nsapato za abusa zipulumuke, zonse n'kuthera pa maluwa a akazi anga, pansi penipeni pa katoni ija. Wina anazimitsa sipika. Mkulu wa mpingo anabwerera m'mbuyo atakumbatira Baibulo lake. Ndinadzuka, ndinapukuta pakamwa, ndinati, "Pepani abusa, ndimati ndinene kuti," ndipo chigayo chija chinayambiranso.

Bwalo lonse linali zii. Kenaka kuchokera ku mbaula kunamveka mawu a alamu, okweza bwino kuti aliyense amve.

"Kawiri! Ndiye kuti Timocrates uja sananame!"

Anthu anagwa nako kuseka. Ngakhale apongozi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Abusa anachotsa katoni pa geti, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti tikakambirana Lachitatu pamaso pa akulu. Akazi anga, amene saiwala mwambo ngakhale zitavuta, anawakulungira nyama m'pepala, ndipo sanakane.

Usiku ndinagona chopinda mawondo. Ndinakumbukira kuti Epicurus anamwalira m'chaka cha 270 Yesu asanabadwe ndi mwala umene unamutseka njira ya mkodzo, ndipo tsiku lomaliza analembera mnzake Idomeneus kuti ululu ndi waukulu zedi koma akuugonjetsa pokumbukira macheza okoma amene ankakhala nawo. Ndinayesa njira yomweyo. Macheza okhawo amene ankabwera m'mutu anali a pa geti. Akazi anga anandipatsa madzi a mchere ndi shuga n'kufunsa ngati kwa Agiriki shuga ndi wololedwa pa nthawi ya matenda.

M'mawa kusanache bwino kunamveka odi. Ndinatuluka nditadzifunda bulangete n'kupeza bambo wina wa njinga, kope la ngongole lili m'manja. Anati iye ndi wogulitsa mbuzi, ndipo adalaivala anatenga mbuzi dzulo ponena kuti mwini phwando ndi amene alipire. Ndinamuuza kuti ine sindinaitanitse mbuzi, ndinaitanitsa abwenzi.

Anatembenuza tsamba la kope lake. "Chabwino bwana, ya dzuloyo tikambirana. Koma adalaivala anati mwambowu ndi wa pa 20 mwezi uliwonse. Ya mwezi wa mawa ndisunge yaikulu bwanji?"